Mapointi 36 pa Sikelo ya Eni Ake

9 Januwale

Amake Namafunso,

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, malemu bambo anga anandipatsa tepi yawo kuti ndiyeze kasitomala, iwo ali otanganidwa pa makina osokera. Tepi ija inali ndi mbali ziwiri, uku mainchesi, uku masentimita. Ine chiuno ndinayeza ndi mbali imodzi, mwendo n'kuyeza ndi mbali inayo, n'kulemba m'kabuku mwaudongo: chiuno 34, mwendo 102. Bambo atayang'ana anatsitsa magalasi nati, "Kodi iwe wayeza munthu kapena mtengo wa magetsi?" Kasitomala anaseka mpaka kukhala pansi. Atachoka, bambo anandiuza kuti manambala onse awiri anali oona, koma ndikanawaphetsa nsalu chifukwa sindinanene mbali imene ndawatenga. Sindikudziwa chifukwa chake nkhaniyi yandibwerera sabata ino.

Pepani, ndayamba ndi zakale ndisanakulonjereni. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kupalasa njinga? Ine ndili bwino, kachifuwa kokha ka fumbi la mapepala.

Uthenga wa zotsatira za mwana unandipeza m'basi. Mapointi 36 pa 45! Ndinatsika siteji yanga isanakwane kuti anthu asandione nkhope, n'kumaliza ulendo wapansi.

Koma chonde akhazikeni mtima pansi amayi anu. Mwana akuti agogo ake anakana chakudya atamva 36. Afotokozereni kuti awa si mayeso athu aja amene wa mapointi ochepa ndiye katswiri. Dipuloma ya mayiko ambiri imene sukulu yake imalembetsa imawerenga chokwera. Phunziro lililonse limathera pa 7, ndipo 7 ndiye pamwamba. Mdzukulu wawo wakhoza, adye.

Fomu ya yunivesite ya kuno itsekedwa pa 31. Zolipira ndathana nazo. Zotsatira zitumizidwe ndi sukulu yeniyeniyo, zisadzere m'manja mwathu, apo ayi azikana. Chithunzi mwana akajambulitse chopanda ndolo. Mumukumbutse kuchonga malo a basale, thandizo lija lolipirira fizi ndi pogona, pakuti popanda limenelo inu ndi ine sitingathe ngakhale titasasula malata a nyumba.

Komanso achimwene anu asiye kulengeza pa maliro kuti alamu awo ndi amene amasankha ana pa yunivesite. Ine sindinanenepo zimenezo.

Kalatayi ibwera ndi adalaivala a thiraki aja. Ndaikamo ndi mankhwala opaka pa bondo.

Ndine,
Bambo ake a Namafunso


23 Januwale

Amake Namafunso,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli athanzi. Ndamva kuti denga la khitchini layambanso kudontha. Muuzeni mmisiri uja asakhome misomali yatsopano m'mabowo akale. Kuno kulibe chodandaulitsa kwenikweni.

Munandifunsa pa foni ngati 36 ndi yokwanira, ine n'kuyamba kukamba za nyengo. Ndiyankhe pano, poti pa pepala sindichita chibwibwi.

Ana a dziko lino sabwera ndi mapointi. Amabwera ndi avereji ya magiredi awo onse a ku sekondale, yomwe imathera pa 4.00. Ndiye mwana aliyense wochokera kunja, kaya wabwera ndi mapointi, kaya ndi zilembo, kaya ndi maperesenti, amayenera kusandutsidwa nambala ya pakati pa 0 ndi 4 kuti onse aime pa mzere umodzi. Pali pepala limodzi losinthira, lomatidwa pakhoma mu ofesi mwathu. Timalitcha sikelo. Pa dipuloma ya mwanayu sikelo imati 7 ndi 4.0, 6 ndi 3.7, 5 ndi 3.3.

Ndinawerengera kuseri kwa tikiti ya basi. Ali ndi ma 6 anayi: fizikisi, kemisitiri, Chingerezi ndi Chifalansa. Ma 5 awiri: masamu ndi jogalafe. Mapointi awiri apadera okwanitsa 36 aja, amene mbali ina anawapeza ndi kafukufuku wake wa madzi a m'zitsime, sikelo siwadziwa n'komwe. Mukukumbukira mabotolo aja anadzaza pa khonde miyezi itatu? Zonse pamodzi zikutuluka 3.57. Basale imayambira pa 3.60.

Ndabwereza kasanu. Ndinaphunzitsa masamu zaka khumi ndi zinayi, koma aka n'koyamba kulakalaka kuti ndikhale nditalakwitsa.

Mnzanga wa m'chipinda, wowotcherera zitsulo uja, anandipeza ndili ndi tikiti m'manja. "Apulofesa, mukuwerengera chiyani, tsiku la imfa yanu?" Nditamufotokozera anati, "Aaa, kuperewera kwake n'komweko? Ife chitsulo chikavuta choncho timangochimenya ndi hamala, chimalowa." Ndinaseka naye.

Mwina 3.57 amaikweza kukhala 3.6. Ndifunsa. Pakadali pano mwana musamuuze, ayambe wasangalala.

Bambo ake a Namafunso


7 Febuluwale

Amake Namafunso,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndakondwa kumva kuti bondo latsika ndiponso kuti agogo ayamba kunyadira 36 yomwe ija ankailira. Chifuwa changa chikadalipo, koma si choti n'kugoneka munthu.

Ndinafunsa. Pa tebulo loyandikana ndi langa pamakhala mayi wina amene wagwira ntchito muno zaka makumi awiri. Timawatcha Mayi Sitampa chifukwa chidindo sachisiya ngakhale popita kukamwa tiyi. Ndinawafunsa ngati funso wamba, osatchula za mwana. Anati kompyuta imatenga manambala onse awiri a pambuyo pa kadontho, ndipo ilibe msuweni. Wa 3.59 amagwa chimodzimodzi ndi wa 2.00.

Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa sikelo yakale, yothimbirira m'makona. Mukudziwa kuti pa dipulomayi maphunziro atatu mwana amawatenga pa mlingo wapamwamba, atatu pa mlingo wamba. Kale, ine ndisanalowe mu ofesi muno, phunziro la mlingo wapamwamba linkawonjezeredwa 0.3, poti ndi katundu wolemera. Ndinafunsa kuti anachotseranji. Iwo anati, "Palibe anachotsa, bambo. Atagula pulogalamu yatsopano, fomu yake inabwera yopanda kabokosi kolembamo mlingo. Anati akonza. Tikudikirabe." Anabwezera pepala lija m'dirowa n'kuikapo kapu yawo pamwamba.

Amake mwana, pali chimene chikundidya. Zaka ziwiri zapitazo Namafunso anaimba foni kuti aphunzitsi akumulangiza atenge masamu opepuka. Ine ndinati mwana wa mphunzitsi wa masamu sathawa masamu. Ndinalankhula mokweza, nditatsamira khoma la m'khonde, kuti anzanga a m'zipinda zina amve kuti ndili ndi mwana wotani. Mnzake uja, mwana wa adokotala a mano, anatenga opepukawo n'kupeza 7, ndipo sikelo imulandira ndi manja awiri. Wathu ndinamusenzetsa thumba lolemera, ndipo pa chipata akungoona amene wafika msanga, thumba sakuliyeza.

Achimwene anu anaimba Lamlungu. Anandipatsa mayina ena awiri, mwana wa abusa ndi mdzukulu wa abwana awo. Anati, "Alamu, m'bale wako akakhala mumtengo sudya zosapsa." Ndinati ndamva. Sindinapeze mawu owauzira kuti mtengo ulipodi, koma ine ndili ku mizu.

Nsapato zimene mwana anapempha ndaziona, mtengo wake wakwera kawiri chiyambire chaka. Ndidikira kaye.

Bambo ake a Namafunso


19 Febuluwale

Amake Namafunso,

Moni nonse. Ndili bwino. Sindilemba zambiri, adalaivala akunyamuka masana ano.

Fayilo ya mwana inafika pa tebulo langa Lachiwiri. Mafayilo amagawidwa mwachisawawa, ndipo pa anthu asanu ndi mmodzi inadzagwera ine. Ndinaitsegula n'kukumana ndi chithunzi chake, chopanda ndolo monga ndinanenera, kolala atasita bwino. Ntchito yanga ndi kuwerenga giredi pa pepala n'kuilemba m'kompyuta. Pa kiyibodi 5 ndi 6 ndi oyandikana ngati mano. Masamu atakhala 6, ikanatuluka 3.63. Chala chimaterereka tsiku lililonse mu ofesi muno, ndipo pa mafayilo khumi amabwereza kuona imodzi yokha.

Ndinakhala choncho mpaka tiyi anazizira. Kenako ndinaitseka n'kuipereka kwa Mayi Sitampa, n'kuwauza kuti uyu ndi mwana wanga, lamulo silindilola. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana chithunzi, nati, "Chipumi n'chanu." Analemba 5.

Sindikudziwa ngati chimene chinandigwira dzanja chinali chilungamo kapena mantha. Ndafufuza mumtima masiku atatu, ndipo ziwirizi zikufanana nkhope.

Tsopano mukhoza kumuuza.

Bambo ake a Namafunso


5 Malichi

Amake Namafunso,

Kalata yanu ndaiwerenga. Simunafunse za moyo wanga, ndipo sindikukuimbani mlandu. Ine ndifunsabe: mwadzuka bwanji, inu ndi mwana?

Mwalemba kuti zaka zisanu ndi chimodzi mwagona nokha, mwalera nokha, maliro a apongozi anu mwayendetsa nokha, ndipo tsiku limodzi lokha limene kukhala kwanga kuno kukanapindula, ine ndinapinda manja. Mwati mwana wa eni ake akanakhala pa tebulo limenelo sakanaganiza kawiri. Mwina n'zoona. Mwafunsanso kuti ngati chala chinandikanika, bwanji osakwera kwa akuluakulu anzanga n'kukalankhula nawo ngati anthu.

Ndilibe akuluakulu anzanga. Lero ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuchizungulira zaka zonsezi. Yunivesite sinandilembe ntchito. Ndinalembedwa ndi kampani yobwereketsa antchito, ndipo kontirakiti timasaina miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Chitupa changa chokhalira m'dziko muno chimapachikika pa kontirakiti imeneyo. Ofesi yathu ili pansi pa nthaka, pafupi ndi mapaipi a madzi otentha amene amalira tsiku lonse. Zenera lilipo limodzi, kumwamba kwenikweni, ndipo chimene timaonapo ndi nsapato za ophunzira zikudutsa. Chithunzi chija munapachika pabalaza, nditaima pa masitepe a nsanamira zoyera, ndinajambulitsa Loweruka, pa khomo limene sindilowerapo.

Nditangofika kuno ndinapereka digiri yanga kuti andilole kuphunzitsa. Inayezedwa pa sikelo yonga yomweyi, ndipo zaka zanga zinayi anazipeza kuti ndi zitatu. Kalata yake inali ya mizere iwiri. Ndinaibisa pansi pa sutikesi, n'kukuuzani kuti ndapeza ntchito ku yunivesite. Silinali bodza lenileni. Ndinangokusiyani kuti muwerenge tepi mbali imene munkaifuna, ndipo chaka chilichonse kukonza kunkavutirapo.

Ndinkadzitonthoza kuti mwana adzalowera khomo lakutsogolo lija, ine ndidzaziona nsapato zake pa zenera n'kuzizindikira.

Achimwene anu muwauze kapena musawauze, zili kwa inu. Chithunzicho mukhoza kuchitsitsa.

Bambo ake a Namafunso


16 Malichi

Amake Namafunso,

Zikomo chifukwa cha uthenga wanu wa pa foni. Munangolemba kuti, "Tamva. Chifuwacho mukapimitse." Ndauwerenga kambiri kuposa kalata yaitali ija. Ndikapimitsa. Ndikhulupirira nonse muli bwino.

Namafunso anaimba Lachisanu. Ndinakonzeka kuti alire kapena andikalipire. Iye anangoti, "Ababa, ndiwerengereni sikelo zonse ziwiri, ndili ndi pensulo." Ndinawerenga. Ndinkangomva pensulo ikuyenda. Kenako anati, "Pa yakaleyo ndili ndi 3.72." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ndiye ine sindinalephere, chikusowa ndi kabokosi. Kabokosiko kali ndi mwini wake?" Dzina lija sitinamupatse pachabe. Nditayamba kupepesa za masamu anandidula. "Musandilande masamu anga, ababa. 5 ameneyo ndinamukhetsera thukuta kuposa ma 6 onsewo." Ndinangomufunsa ngati akudya bwino.

Anayesa kudandaula pa intaneti. Fomu yodandaulira ili ndi zifukwa zitatu zoti munthu achonge: giredi inalembedwa molakwika, pepala linasowa, kapena unadwala nthawi ya mayeso. Palibe chake pamenepo. Anachonga choyambacho, ndipo pasanathe mphindi zinayi kompyuta inamuyankha kuti giredi inalembedwa bwino, zikomo.

Komiti ya basale ikhala pa 28. Imalandira makalata a aphunzitsi a pa yunivesite ndi a akuluakulu a maofesi. Ife olemba manambala tinasaina kuti za m'mafayilo sitidzazitulutsa m'chipinda chathu. Koma ine ndi Mayi Sitampa tinayang'ana m'kaundula nthawi ya nkhomaliro. Ana a dipulomayi amene adutsa muno chaka chino ndi 61, ndipo 19 agwera pansi pa mzere chifukwa cha kabokosi komweka. Mayiwo akuti chaka chatha analembera bwana wa ofesi yathu, sanayankhidwe. Atsala ndi zaka ziwiri kuti apume, ndipo anandiuza mosabisa kuti salembanso. Sindikuwanena.

Wowotcherera akuti, "Apulofesa, tambala wachilendo salira pakhomo pa eni. Akalira amagonera mumphika." Kenako anawonjezera kuti, "Koma mukati mulembe, mulembe zomveka, osati zija mumandilankhulira ine ngati mukupepesa kwa apongozi." Sindikudziwa ngati amandiletsa kapena amandituma. Mwina nayenso sakudziwa.

Sindinatsimikize chochita. Ndikalemba, mwina palibe adzawerenge, ntchito n'kutha. Ndikapanda kulemba, ntchito ikhalapo, ndipo ndidzalembanso ma 5 a ana a anthu chaka chamawa. Kontirakiti itha pa 30 Epulo. Zimene ndatumiza mwezi uno musagulire malata, zisungeni kaye.

Bambo ake a Namafunso


27 Malichi

Amake Namafunso,

Mwadzuka bwanji? Ine ndadzuka. Ku chipatala anati ndi fumbi chabe, anandipatsa mankhwala okoka ndi mpweya.

Ndalemba masamba anayi. Loyamba ndaika sikelo ziwiri moyandikana, yakale ndi yatsopano. Lachiwiri ndi la ana 19 aja, opanda mayina, manambala okha, pomwe agwera ndi pomwe akanaima. Lachitatu ndasonyeza kuti kuwerengera pamanja kungatenge theka la tsiku, popanda kudikira kabokosi, ndipo ndadzipereka kuti ndikhoza kuchita ineyo wina n'kuona ngati ndalakwitsa. Lachinayi ndi lalifupi. Ndanena kuti mmodzi mwa anawo ndi mwana wanga, kuti fayilo yake sindinailembe ine, ndiponso kuti chimene ndinasaina ndikuchidziwa. Pansi pake ndaika dzina langa ndi nambala ya khadi langa. Tsamba limeneli ndinaling'amba kawiri n'kulilembanso.

Sindikukhulupirira kuti zisintha kanthu. Mwana musamulonjeze chilichonse. Alembe fomu ya koleji ya kumeneko isanatsekedwe mu Epulo, ndipo afunse bwinobwino mmene iwowo amawerengera 36, asangoganizira. Makina a bambo muwathire mafuta, ndipo aliyense wofuna kuwagula mumukanize. Tepi ija ili m'kadirowa ka kumanzere. Mwina manja anga akadakumbukira.

Bambo ake a Namafunso

Ndawonjezera ndi pensulo, ndili pa benchi panja, ndikudikira adalaivala.

Ndinakwera. Khadi langa silitsegula chikepe, ndiye ndinadzera masitepe, nsanjika zinayi, nditavala jekete ya wowotcherera imene ikumvekabe utsi pang'ono. Kumwambako kuli kapeti, munthu sumva mapazi ako omwe. Mlembi wa komiti ndi mayi wa imvi, ndinawapeza akudya apulo. Anafunsa kuti ndachokera dipatimenti iti. Ndinati ya pansi. Anati, "Pansi pati?" Ndinaloza ndi chala. Anaika apulo pambali n'kuwerenga masamba onse osadumpha mzere. Atafika pa lachinayi anadzutsa mutu.

"Bambo, tsamba ili ndikhoza kulichotsa. Ndidzanena kuti atatuwa ndawatola pansi pa chitseko."

Ndinafunsa kuti, "Pepala lopanda mwini amaliwerenga?"

"Ayi."

"Nanga lokhala ndi mwini?"

"Mawa ali ndi mafayilo 900 ndi maola awiri. Ndiliika pamwamba. Kupitirira apo dzanja langa silifika."

Anandibwezera masamba aja kuti ndisankhe ndekha. Mayiwo anayang'ana ku zenera kuti andipatse mpata. Ndinawasanja, lachinayi pansi pa anzake, n'kuwapinda patatu mmene bambo ankapindira nsalu ya kasitomala, m'mphepete mukumane. Ndinawapatsa onse anayi ndi manja awiri.